Mphete Ziwiri Zodulidwa

"Kokani bwino, amama, chala chingatsale m'manja mwanu," anatero Lois uku akuseka.

Muriel anapakanso sopo pachalapo n'kuyesa kupotokola mpheteyo, koma inangokhala pomwepo, itamira mumnofu. Anali m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba ya a Hezron Kalua, mwamuna wa Muriel, m'chigwa cha Henga, ndipo amayi a pamudzi amene anabwera kudzathandiza kusankha fodya anasiya masamba n'kuyamba kuonerera. Lois ankafuna kuvula mphete yaukwatiyo chifukwa inkamufinya, komanso utomoni wa fodya unkamatirira pansi pake.

"Isiyeni, NyaMsowoya," anatero mayi wina, akumutchula Muriel dzina la kwawo. "Mphete yadziwa kuti pano pali zakudya. Mkamwana wanuyu anabwera ali ngati bango, taonani lero masayawo! Ng'ombe za malowolo sizinapite pachabe yayi."

Onse anaseka. Muriel nayenso anaseka, ndipo kunena zoona mtima wake unadzaza. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, mtsogoleri wa amayi a Umanyano kutchalitchi, ndipo mawu oti akusunga bwino mkazi wa mwana wake ankawakonda kuposa tiyi wamkaka. Lois anali wa ku Ntchisi. Chikwatiwireni ndi Thumbiko, mwana wachisamba wa Muriel, nyumba yonse inkathyola Chichewa chifukwa cha iye, poti Chitumbuka chake chinkathera pa moni ndi "yewo" wothokozera. Tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yake yoyamba, ndipo masabata apitawa ankangonenepa. Nsapato zinamukana, nkhope inadzaza, pamudzi ponse n'kumayamikira apongozi.

Tsiku lake la sikelo linali litadutsa kale. Thumbiko anali ku okushoni ku Mzuzu ndi mabelo oyamba, manja anali ochepa, ndipo anali Muriel mwiniwake amene ananena kuti, "Udzapita fodya akachepa, mwana wanga. Munthu wathanzi chonchi akakupeza ndi chiyani?"

Anabwerera kuntchito. Lois anatola tsamba lodera n'kuliika pamulu wa masamba owala. Muriel analichotsa. Lachiwiri linapitanso pamulu wolakwika, lachitatunso chimodzimodzi.

"Iwe, lero maso wasiya kunyumba?"

"Akundinyenga, amama. Ndikuona tiziphaniphani masana ano, tikungodutsa kumasoku. Mutunso wandigwira kuyambira dzulo, panado sakuthandiza. Ndiye pansi pa nthiti apa pakuwotcha."

"Ndi fungo la fodya limenelo," anatero mayi uja. "Kapena mwanayo ali ndi tsitsi lambiri."

Muriel sanaseke. Ziphaniphani zimenezo ankazidziwa. Anaziona zaka zoposa makumi atatu zapitazo ali ndi mimba ya Thumbiko yemweyu, ndipo m'mawa mwake anagwa pakhonde n'kuyamba kuphiriphitha ngati wakhunyu. Anatsitsimuka patapita masiku ali m'chipatala cha mishoni ku Khondowe, mwana ali pambali pake, mphete yake itadulidwa ndi chitsulo. Azakhali a mwamuna wake ananong'onezana kuti mkaziyu wabwera ndi nthenda ya kwawo, ndipo iye anavomera mumtima, chifukwa mayi ake omubereka nawonso ankatupa akakhala ndi pakati. Make mbuu, mwana mbuu. Motero ana ake aakazi, Diana ndi Watipaso, atatenga pakati, anawalondera ngati munda wa m'mbali mwa phiri la anyani. Ankawafinya akakolo, ankawaperekeza yekha kusikelo, ankakangana ndi anamwino kuti ayezenso kachiwiri.

Koma Lois anali magazi ena. Asanamutomere, a Kalua anatuma thenga, munthu woyendera za ukwati, kukafufuza ku Ntchisi monga mwa mwambo, ndipo anabwera ndi uthenga wokoma, wakuti akazi a banja limenelo amachira mosavuta, m'mawa ali kumunda, madzulo mwana ali m'manja. Kuyambira pamenepo Muriel anagona tulo tofa nato pankhani ya mkamwana wake.

Anagwada, anakweza chitenje cha Lois pang'ono n'kudinikiza chala pamwendo. Atachotsa chala, dzenje linatsala osabwerera.

Anatuluka m'chigafa ali chothamanga. A Hezron anali pansi pa mtengo wa mango, akukonza jeke yodindira mabelo.

"Adada, bwerani mudzaone nkhope ya mwanayu."

"Mwana uti?"

"Lois."

A Hezron anaika sipanala pansi n'kumuyang'ana mkazi wawo ngati wasokonezeka mutu. "Mwe, NyaMsowoya! Ine ndikamuyang'ane mkamwana kumaso? Anthu onsewo ali pomwepo?"

Anali munthu wosunga mwambo. Chilowereni Lois pakhomopo, ankalankhula naye atatembenukira kumbali, ndipo akakumana panjira, Lois ankapatuka n'kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana mitambo. Ankamudziwa mkamwana wawo ndi mawu ndiponso ndi mtundu wa zitenje zake basi.

"Lero mumuyang'ana," anatero Muriel. "Nthawi ija ine ndinalibe galasi, nkhope yanga sindinaione. Amene anaiona ndinu nokha. Tiyeni mundiuze ngati ndikulota."

A Hezron analowa m'chigafa atavula chipewa. Amayi aja anaweramitsa mitu ndi manyazi, Lois n'kufuna kudziphimba ndi chitenje, koma Muriel anamugwira dzanja. Bambo uja anakweza maso pang'onopang'ono. Anaona zikope zotupa, mphuno yofutukuka, milomo yolemera, ndipo chipewa chinawagwa m'manja.

"Nkhope iyi ndinaionapo," anatero motsitsa mawu. "Si kunenepa uku yayi. Itanani Thomson abwere ndi galimoto."

Thomson anali mnansi wawo, mwini kagalimoto konyamulira fodya. Anatsitsa mabelo amene anali atakweza kale, anayala matiresi kumbuyo, ndipo posakhalitsa anali pamsewu wopita ku boma. Muriel anakhala kumbuyoko atagoneka mutu wa Lois pamiyendo pake, akumutchinga kudzuwa ndi ambulera. Pa Njakwa, pamene msewu umapanikizika pakati pa mapiri ndi mtsinje wa Rukuru, Lois anasanza, kenaka anafunsa ngati kwachita mitambo, pomwe dzuwa linali phwee.

"Amama, ndifa?"

"Khala chete, sufa. Yang'ana ine."

"Sindikukuonani bwino."

Muriel anachita mantha amene sanachitepo chibadwire, oposa a tsiku limene anagwa iye mwini. Anamenya denga la galimoto kuti Thomson awonjezere moto. Ndipo m'kati mwa manthawo funso limodzi linkangomuzungulira m'mutu. Nthenda ya kwa amayi ake yalowa bwanji mwa mwana wa eni, wobadwira kutali ku Ntchisi, amene sanayamwe bere la kwa Msowoya?

Kuchipatala cha pa boma anawalandira namwino wina wamtali wa imvi zapatalipatali, amene anzake ankamutchula kuti sisitala Ungweru. Anamanga lamba pamkono wa Lois, anapopa, anayang'ana, anapopanso, ndipo nkhope yake inasintha.

"Bipi yakwera chomene. Mkodzonso ukuonetsa kuti impso zayamba kuvutika. Sikelo anapita liti?"

"Ndinamuletsa ndine, chifukwa cha fodya," anayankha Muriel.

Namwinoyo sanataye nthawi ndi kukalipa. Anabaya Lois jakisoni mbali zonse ziwiri, woletsa kukomoka, anamupatsa mankhwala otsitsa magazi, n'kuitana adokotala. Adokotala atamuona anati mankhwala enieni a nthendayi ndi amodzi okha, mwana atuluke lero lomwe, ndipo njira yachangu ndi opaleshoni. Thumbiko anavomera pafoni, n'kunena kuti akukwera basi yoyamba.

Pokonzekera, sisitala Ungweru anayesa kuvula mphete ija ndi ulusi, koma inakana. Chala chinali chitayamba kuda. Anatuluka n'kubwera ndi kachitsulo kodulira.

"Ayi, musadule!" analira Lois. "Thumbiko adzati chiyani? Kwathu amati mphete ikaduka, banja laduka."

"Taona kuno," anatero Muriel, akuyandikizitsa dzanja lake kumaso kwa Lois ndi kumugwiritsa mphete yake. "Wamva kachipsera aka? Yanganso anaidula chonchi. Adada ako anakailumikizitsa ku Mzuzu, ndipo mpaka lero akundisowetsa mtendere m'nyumba. Banja siliduka ndi pulayala."

Lois anaseka m'misozi n'kupereka chala. Kachitsulo kanalira kuti ketu. Koma namwino uja anali akuyang'ana dzanja la Muriel.

"Yanuyo inadulidwa chifukwa cha kutupa?"

"Enya. Ndinakomoka ndithu."

"Pa mimba ya ndani?"

"Ya mwamuna wa uyu."

Sisitala Ungweru anapereka mphete yodulidwa ija kwa Muriel. "Sungani. Mundidikire, amama, tikatuluka ndili nanu mawu."

Muriel anadikira pabenchi, a Hezron ali panja pansi pa mtengo chifukwa ku chipinda cha amayi amuna salowa wamba. Anapemphera, anasiya, anayambiranso. Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka, sisitala Ungweru n'kutuluka.

"Mwana wamwamuna. Ndi wochepa, koma walira yekha. Mayi ake ali moyo, tikuwayang'anira. Mukanagona naye kunyumba lero, sindikudziwa ngati tikanalankhula zomwezi."

Muriel anapempha chinthu chimodzi. Kwawo, mayi akachira, amayi aakulu amaona nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, ndi maso awo kuti atsimikize kuti yatuluka yonse. Namwinoyo anati n'zimene amafuna kumuonetsa, ndipo anamulowetsa m'kachipinda kena momwe munali beseni lachitsulo.

Muriel anali ataonapo nsengwa zambiri, koma nthawi zonse mothamanga, m'chizimezime, anthu akufulumira kukaikwirira. Sanaiyang'anepo poyera chonchi. Sisitala Ungweru anaitembenuza ndi manja ovala magolovesi. Kuchokera pamchombo, mitsempha inkamwazika mbali zonse, ikuluikulu kugawika ing'onoing'ono, ing'onoing'ono kugawikanso mpaka maso kulephera kuitsata, ngati mtengo wa mlambe m'chilimwe utayoyola masamba.

"Inu mukuti ndi ya ndani iyi?" anafunsa namwinoyo.

"Ya mayi. Nanga yatuluka mwa ndani?"

"Yayi. Ndi ya mwana. Imamera kuchokera ku mbewu yomwe ija imene yapanga mwana. Theka ndi la Lois, theka ndi la mwana wanu."

Muriel anayang'ananso m'beseni muja.

"Imazika mizu m'chiberekero kuti ikoke magazi odyetsa mwana," anapitiriza sisitala Ungweru. "Inu alimi a fodya mukudziwa mbande yowokedwa mizu osalowa bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi sifota mwakachetechete. Imavutitsa thupi la mayi, magazi n'kuyamba kuthamanga mopitirira, mpaka impso, chiwindi ndi ubongo kumva kuwawa. Taonani iyi, yachepa, ndipo apa ndi apa payera, magazi samafikapo."

"Ndiye imalepherera chiyani kuzika mizu?"

"Apo ndi pamene ofufuza akadakumbabe. Anthufe tinapangidwa mofanana, koma aliyense ali ndi timasiyanidwe ting'onoting'ono totengera kwa makolo, tosaoneka ndi maso. Tina timakhala m'thupi la mayi, n'chifukwa chake munachita bwino kulondera ana anu aakazi. Koma tina timakhala mwa mwana ali m'mimbayo, ndipo tingathe kuchokera kwa bambo ake. Ofufuzawo anapeza kuti mwamuna wobadwa pa mimba yotere, mkazi wake amakhala pa chiopsezo chokwererapo, mwiniwakeyo osadwala ngakhale mutu. Si nthawi zonse, ndipo si chifukwa chokhacho. Mimba yoyamba payokha ili ndi chiopsezo chake, ndipo ambiri amene timawalandira pano sitidziwa n'komwe kuti zachokera kuti. Koma tikadziwiratu za kumtundu, mbali zonse ziwiri, timamuyang'anira mayi pafupipafupi, ndipo pali timapiritsi timene timamuyambitsa mimba ikadali yaing'ono."

Muriel anaphunzitsa ana a sitandade seveni za mbewu ndi mungu kwa zaka zambiri, akujambula duwa la chimanga pabolodi, koma sanaganizepo kuti m'mimba mwa mkazi mumamera chiwalo chathunthu chimene theka lake ndi la mwamuna, chimagwira ntchito miyezi yonseyo, kenaka n'kutayidwa osachithokoza. Anamva ngati ali m'tchalitchi, ndipo akanakhala yekha akanagwada pomwepo pambali pa beseni.

"Ndiye kuti ija inandigwetsa ine pakhonde..."

"Inali ya Thumbiko. Theka lanu, theka la adada ali panjawo."

Muriel anagwira pakamwa. Zaka zonsezi anasenza yekha mlandu wa nthenda ya kwawo, azakhali aja anapita kumanda akumuloza chala, pomwe katunduyo mwina anali wa anthu awiri. Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, namwino uja n'kumusiya alire.

Thumbiko anafika dzuwa likulowa, fumbi la ku okushoni lili m'tsitsi. Atamva zonse kwa mayi ake pansi pa mtengo paja, anakhala pamwala n'kugwira mutu.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine, amama?"

"Iwe unasankha chiyani pamenepa? Unapempha ndani kuti ubadwe momwe unabadwira? Palibe wolakwa pa zimenezo. Cholakwa n'changa, choletsa mwana kusikelo ndi kumawombera m'manja kutupa."

A Hezron anapukusa mutu modabwa. "Madzi saiwala khwawa," anatero. "Koma ine ndinkati khwawa lake ndi la akazi okha. Kani limadutsanso pansi pa ife amuna, ife osamva ngakhale chinyezi."

Magazi a Lois sanatsike tsiku limodzi. Anatsika pang'onopang'ono, kutupa kukuphwa, mpaka tsiku lina m'mawa anauza Muriel kuti akuona bwinobwino maluwa a pachitenje chake. Anamusamutsira Lois pamodzi ndi mwana ku chipinda cha kangaru, kumene ana obadwa ochepa amawamangirira pachifuwa kuti afundidwe, ndipo kumeneko amuna ankaloledwa kulowa masana. Thumbiko ankasinthana ndi mkazi wake, atavula shati, kamwanako kali phee pachifuwa chake.

Tsiku lina masana a Hezron anaima pakhomo la chipindacho, atatembenukira kumbali monga kale, n'kukumbutsa mkazi wawo nkhani ina. Mwana wawo wotsiriza, Greyson, anali atapeza mbeta ku Chiweta, mtsikana wotchedwa Anne, mwana wa asodzi, ndipo thenga ankayenera kupita sabata yotsatira kukafufuza za banjalo.

"Akafunse bwino," anatero a Hezron. "Ngati kuli khunyu, ngati kuli misala, akazi akumeneko amachira bwanji."

"Akafunse," anavomera Muriel. "Akamaliza kufunsa, akanenenso zathu."

"Zathu ziti?"

"Zimene mwaziona ndi maso anu. Greyson nayenso ndinatupa naye, kungoti sindinagwe. Akawauze kuti mwana wawo akadzaima, asadzaphonye sikelo ngakhale imodzi, ndipo akadzanenepa msanga asadzavine."

"Mwe, NyaMsowoya, unamva kuti wopempha mbeta amayamba ndi kuulula zilonda za kwawo? Thenga amapita kukaona za eni, osati kukayanika zathu pamchenga ngati usipa. Adzatikana anthu aja. Akapanda kutikana, adzawonjezera ng'ombe."

"Awonjezere. Ku Ntchisi tinafunsa zonse, mpaka za agogo awo, ife osanena kanthu. Tinatenga mwana wa eni wamoyo bwinobwino, ndipo tikanamubweza m'bokosi."

Muriel anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake n'kutulutsa mphete yodulidwa ija kuti aibweze kwa mwiniwake. "Iyi Thumbiko akailumikizitse akapitanso ku Mzuzu."

Lois anailandira, anaitembenuza, anayang'ana podulidwapo. Kenaka anachita chimene sanachitepo chilowereni m'banjamo. Analankhula ndi apongozi ake aamuna mwachindunji.

"Adada, isalumikizidwe kaye. Thenga apite nayo ku Chiweta. Mawu okha angathe kuwaiwala, koma akaiona iyi amvetsa."

A Hezron anaima pakhomo paja, chipewa chili m'manja. Kenaka analowa, anadutsa pakati pa mabedi a amayi ena amene ankawayang'ana, n'kufika pamene panali Lois. Anamuyang'ana kumaso, nthawi ino popanda wowakakamiza. Nkhopeyo inali itabwerera mwakale, yowonda, ya maso akuluakulu, ndipo anazindikira kuti aka kanali koyamba kumuona mkamwana wawo momwe alili. Anayang'ananso kamdzukulu kawo pachifuwa cha Thumbiko, kamwamuna kena ka kwa Kalua, kakugona osadziwa chimene kanyamula.

Anatulutsa mpango wawo wa m'thumba, anautambasula ndi manja awiri, Lois n'kuikapo mphete ija.

"Yewo, mama," anatero a Hezron, akukulunga mpangowo mosamala. "Thenga asavutike nayo. Ku Chiweta ndipita nayo ndekha."